Njerwa za Amake Pililani

Lamulungu, 18 Ogasiti 2024

Mapemphero pansi pa mtengo wa mango, monga mwa masiku onse. Anthu 61, ndawerenga ndekha, makanda osawerengera. Namondwe wa Freddy asanagwetse tchalitchi chathu chaka chatha tinkakwana 140. Ena anasamuka, ena anatopa ndi dzuwa, ena kaya.

Abusa abwera pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze. Amatiyendera kamodzi pamwezi, nthambi ali nazo zisanu kuno kwa Kadewere. Ulaliki wa m'kalata ya Petro. Akuti ife akhristu ndife miyala yamoyo, Mulungu akutimanga kukhala nyumba yake, Yesu ndiye mwala wa pangodya. Alalikira bwino, sindikukana, amayi ena mpaka nthungululu. Koma ine ndagwira mpeni womangira zaka 34, ndipo munthu amene sanasenzepo ndowa ya matope akamalankhula za khoma, m'manja mumandiyabwa.

Chilengezo: kuyambira mawa banja lililonse litute njerwa zake kubwera nazo pamalo omangapo tchalitchi chatsopano. Malata ali ku likulu, anatilonjeza. Koma khoma likapanda kufika pa lintala, pamwamba pa mawindo, pakutha kwa Seputembala, malatawo apita ku nthambi ina, ife tizikapemphera ku likulu komweko. Maola awiri wapansi. Nkhalamba zathu sizingafike. Kumeneko ndiye kutha kwa mpingo wa pano, ngakhale palibe amene watchula.

Mmisiri ndine ndemwe, Kalinde. Ndinamanga chakale chija, chomwe chinagwa. Andisankhanso chifukwa wina wogwira ulere palibe.

Nkhani ya njerwayi ndinaikana mu Juni. Ndinati chikombole choumbira chikhale chimodzi, dothi limodzi, uvuni umodzi. A Mavuto, wapampando wa komiti ya zomanga, anati ayi, aliyense aumbe kwawo ndi dothi lakwawo, aotche kwawo, kuti poloza khoma azidzati umu ndilimo. Abusa anaikonda, inagwirizana ndi miyala yawo yamoyo ija. Anthu anawomba m'manja. Ine mkamwini, ngakhale ndatha zaka 29 pamudzi pano, ndinakhala pansi.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Zayamba kubwera. Pa wilibala, pa njinga, pamutu. Ndayeza ndi tepi: masaizi asanu ndi awiri. Zina zazitali ngati buledi, zina zoti ungaike m'thumba la malaya.

Njerwa imafanana ndi mwini wake, ndaona lero. Za a Mavuto zikuluzikulu, zofiira bwino kunja, ukaswa mkati mwakuda pang'ono, koma zipirira. Za banja la a Chester, dikoni mnzanga, zonse zofanana, zopanda chonena. Zathu anaumba mkazi wanga Bernadetta ine ndili pa ganyu ku Njuli. Zopindika m'makona koma zolimba. Sindinazinyoze, ndimafuna kudya madzulo.

Masaizi si imfa. Ndizisankha, mzere uliwonse saizi yake, simenti adzalowa wambiri basi. Ulendo uno simenti alipo, anatumiza ana athu a ku Joni. Chimene ndimayang'ana ine ndi kupsa. Ndimatenga ziwiri n'kuzigundanitsa. Yopsa imalira ngati khasu, yosapsa imangoti phu. Tsiku lonse ndakhala ndikugundanitsa njerwa, eni ake ataima pambali, khutu tcheru, ena mpaka kugwira mpweya. Za lero zonse zadutsa. Gogo wina anavina zake zitalira.

Msana ukupweteka. Chimanga cha m'nyumba mwina chifika Okutobala. Chilala cha chaka chino sichinasiye munthu. Ganyu ya ku Njuli ndaisiya chifukwa cha ntchito iyi, Bernadetta sanakondwe.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Amake Pililani amaliza kututa zawo. Dzina lawo ndi Albertina, koma palibe amene wasiya kuwatchula ndi dzina la mwana, ngakhale mwanayo kulibe. Wamasiye. Alibe wilibala, alibe njinga. Zinayi zinayi pamutu, pa nkhata, kuyambira Lolemba m'mawa. Zonse 300. Sanaziike pamulu wa onse. Aziunjika bwinobwino paokha, mbali yoyang'ana kuphiri.

Ndinadziwa ndisanazigwire. Zotuwa, m'makona mukuyoyoka. Ndagundanitsa ziwiri. Phu. Zina ziwiri. Phu. Iwo ataima pomwepo, akumwetulira, thukuta mpaka m'khosi. "Zili bwanji, amisiri? Ndaumba ndekha. Ndaotcha ndi mapesi ndi zitsononkho, nkhuni ndinalibe." Ndinati ndaziona, mayi. Basi. Ndaziona.

Ndilembe, popeza chichitikire sindinalembepo. Lolemba, 13 Malichi chaka chatha. Mvula tsiku lachitatu osakata. Nyumba za anthu zikugwa. Kiyi wa tchalitchi ndinkasunga ndine, ndipo ndine ndinatsegula n'kuwauza kuti lowani muno, muno ndi molimba, ndinamanga ndekha. Analowa anthu ngati fifite, ndi mbuzi zomwe. Cha m'ma 9 m'mawa khoma loyang'ana kuphiri linagwera mkati. Ovulala asanu ndi mmodzi. Womwalira mmodzi. Pililani, zaka zisanu ndi zinayi, sitandade 3. Anakhala motsamira khomalo chifukwa ndi pokhapo pomwe sipankadontha.

Mayi ake sanandinenepo liwu loipa. Bola akananditukwana.

Ndabwera nayo njerwa yawo imodzi kunyumba, m'chikwama cha zida. Ndaiika mu ndowa ya madzi, kuseri kwa khola.

Lachisanu, 23 Ogasiti

M'mawa, mu ndowa muli phala. Njerwa mulibe.

Ndamuonetsa Bernadetta. Anayang'ana nthawi yaitali. "Bambo a Calvin, tayani madziwo, pakamwa mutseke. Mayi uja akudzuka m'mawa chifukwa cha njerwa zimenezo." Ndinati nanga mvula ikadzabwera? Anati mvula ndi ya Mulungu.

Mvula ndi ya Mulungu, inde. Khoma ndi langa.

Sindinapite ku ntchito. Mutu.

Loweruka, 24 Ogasiti

A Mavuto andipeza ndikuyeza maziko. Nawonso anaziona njerwa za amake Pililani, si mwana. Nzeru yawo: ndiziike pomwe mayiyo akufuna, pamwamba tidzapake pulasitala ndi laimu, palibe adzadziwe. "Firii handiredi pa fifitini sauzande, a Kalinde, zingagwetse nyumba? Musatiphere mpingo ndi ukatswiri wanuwo."

Mawu omwewo a 2009. Nthawi imeneyo simenti anangokwana pansi pokha. Komiti inati mangirani matope, mupake pulasitala, Mulungu adzasunga yekha nyumba yake. Ndinadziwa kuti khoma lalitali choncho, la matope, lopanda bimu, lamba wa konkire uja, silingapirire mpaka kalekale. Ndinadziwa. Ndinachita manyazi kutsutsa akuluakulu, ine wobwera. Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kuuna kwanga sikunafere mbewayo, kunafera mwana wa eni ake.

Masana ndatsegula Baibulo kufuna miyala ya abusa ija, ndagwera kwa mneneri Ezekieli. Anthu amanga khoma losalimba, ena akulipaka njereza kuti lioneke bwino. Mulungu akuti adzatumiza mvula ndi mkuntho, khomalo lidzagwa, ndipo anthu adzafunsa kuti njereza ija ili kuti. Ndatseka. Ndimeyi ndinalalikirapo kale pansi pa denga lomwe lija, ndinkati ikunena aneneri onyenga. Sindinkadziwa kuti muli dzina langa.

Lamulungu, 25 Ogasiti

Nthawi ya maumboni amake Pililani anaimirira. Chichitikire maliro sanaimirirepo. Anathokoza Mulungu kuti anawapatsa mphamvu zoumba, kuti nawonso ali ndi gawo m'nyumba yake. Kenaka anathokoza ine. Ine. "Amisiri athu anaziona, anazilandira."

Anthu ameni, ameni. Bernadetta anandiyang'ana kuchokera ku mbali ya amayi. Ndinayang'ana nyerere.

Lolemba, 26 Ogasiti

Ndapita kwa amake Pililani. Mawu ndinakonza njira yonse. Anandiyalira mphasa, anandipatsa chinangwa chophika. Nyumba yawo ndi kachipinda kamodzi, yakale inapita ndi Freddy yemweyo. Ndinati, mayi, njerwa zanu ndaganiza tizimangire mabenchi a mkati, kapena tiziike pamwamba penipeni, pansi pa malata, pomwe mvula sifika. Zoti sizinapse sindinatchule. Anamva okha.

"Amisiri, mwana wanga sanafere pa benchi. Ndikufuna zikhale m'munsi, khoma la kuphiri, pomwe anatsamira. Ine popemphera ndizikhala pompo."

M'munsi mwa khoma la kuphiri. Pomwe mvula imamenya, pomwe madzi a padenga amadumphira, pomwe pamasenza kulemera konse.

Ndinati ndiye tiziotchenso, nkhuni ndipeza, ndidula bulugama wanga. Mpamene anandiuza. Dothilo si la kumunda kwawo. Miyezi yonse ija tinkaona mulu wa zidutswa za khoma lakale ukuchepa, tinkati ndi anthu okwirira maenje a pamsewu. Anali iwo. Ankatuta ndi beseni, kukasinja mumtondo, matope akale, pulasitala, laimu, zonse pamodzi, n'kuumba. "Anati aliyense abweretse dothi lakwawo. Langa ndi limenelo, amisiri. Lina ndilibe."

Dothi lotere ungaliotche sabata yathunthu, siligwirana. Chinangwa chija ndadya osachimva. Ndatsanzika osanena kuti inde kapena ayi. Panjira ndakhala kaye pa chulu.

Lachitatu, 28 Ogasiti

Ndayamba kumanga. Ngodya zinayi poyamba, monga mwa ntchito. Apa pokha Baibulo ndikulichitira umboni ngati mmisiri: ngodya ikapotoka nyumba yonse imatsatira, ungakoke chingwe bwanji. Amene analemba za mwala wa pangodya anaimapo pafupi ndi womanga. Koma sanalembe zoti womangayo azitani akapatsidwa mwala wofumbutuka ndi munthu amene akulira. Pena akuti miyala ya kachisi wa Solomo inkasemedwa kutali, kokumba komweko, pomanga osamveka nyundo. Anali ndi mwayi amisiri amenewo. Yokanidwa inkatsala kuphiri, popanda mwini wake woima pambali.

Ndikukweza makoma atatu, la kuphiri ndalisiya. Anthu aona. Amayi otunga madzi akunong'onezana.

Ndaimbira abusa. Ndafotokoza zonse, mpaka za ndowa. Anati: "A Kalinde, pamaso pa Mulungu palibe mwala wotayidwa. Mukambirane mwachikondi." Ndinati abusa, ine ndikufunsa za njerwa. Anati ali pa maliro, aimbanso. Mayunitsi anga anathera pomwepo. Sanaimbe.

Kwa Mulungu palibe wotayidwa, ndikuvomera. Iye anatenga dothi n'kulisandutsa munthu. Ine ndili ndi mpeni, levulo ndi chingwe.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Mawa ntchito ya mpingo wonse. A Mavuto alengeza kuti tiyamba khoma la kuphiri, ndipo njerwa yoyamba aika amake Pililani, ndi pemphero. Sanandifunse. Akudziwa kuti pagulu ndimafooka, anandionapo.

Calvin watumiza uthenga kuchokera ku Joni, amake anamuuza. "Adadi, ingosiyani ntchitoyo, amange okha." Kulankhula kwa munthu ali kutali.

Ndaganiza zonse. Kuziika n'kudzazichotsa mobisa, ndiye kuba. Kudwala mawa, a Mavuto amanga okha, ziipiretu. Kuziika n'kukhala chete: zaka zisanu, khumi, mwina ine nditafa kale, mwana wina adzatsamira pamenepo. Ndasowa mtengo wogwira. Kupemphera kukukanika. Ndikungoti Ambuye, Ambuye, mawu otsatira osabwera.

Loweruka, 31 Ogasiti

Ndalakwa. Kaya sindinalakwe. Ndalakwa.

Anabwera ambiri, kuposa a Lamulungu. Amayi atavala zoyera. Nyimbo. Pemphero la a Mavuto, lalitali, simenti akuuma. Amake Pililani anatenga njerwa imodzi ndi manja awiri, anagwada pa maziko, n'kundiyang'ana kuti ndithire simenti. Ndinaima ndi mpeni m'manja. Ndinati, mayi, iyi singakhale apa. Motsitsa mawu, kuti amve okha. "Thirani, amisiri." Ndinabwereza. A Mavuto: "Thirani simenti, a Kalinde, musatichititse manyazi." Kenaka wina kumbuyo, mawu a mwamuna, nkhope sindinaione: "Nanga lomwe munamanga ndi njerwa zabwino lija lili kuti?"

Pamenepo m'maso munada. Ndinalanda njerwa ija m'manja mwa mayiwo. Ndinati mukufuna kuona, onani. Ndinaithyola ndi manja okha, osaimenyetsa pansi. Inathyoka, zidutswa n'kufumbutuka, fumbi kugwera pa chitenje chawo. Ndinakuwa kuti ine ndinapha kale mmodzi, wachiwiri muphe nokha.



Amake Pililani sanalire. Anavula mpango, anauyala pansi, anatola zidutswa zonse, mpaka kusesa fumbi ndi chikhatho. Anamanga mfundo, ananyamuka. Mwa onse amene anali pamenepo, amene ankadziwa dothi lomwe linali mu njerwa imeneyo ndine ndekha. Ndipo ndine ndinaithyola.

Amayi anawatsatira mmodzimmodzi. Bernadetta anali wachitatu. Simenti amene tinakanda anaumira pansi, thumba ndi theka.

Lamulungu, 1 Seputembala

Pansi pa mango anthu 22. Ndinakhala kumbuyo. Wolalikira a Mavuto, za mwala umene omanga anaukana. Maso onse kwa ine. Ndinafuna kuimirira kunena kuti mwala umenewo ndi Yesu, ndipo unali wolimba, omangawo ndiwo anali akhungu, si njerwa yootcha ndi mapesi. Ndinakhala. Ndatsutsa mokwana.

Kunyumba chakudya chovundikira, wophika kulibe. Atabwera anangoti, "Zoona munanena, bambo a Calvin. Koma munazinena ndi manja."

Lachiwiri, 3 Seputembala

Njerwa zija zachoka. Amayi khumi ndi awiri, mzere umodzi, zinayi zinayi pamutu, kubwerera nazo kwa mwini wake. Anadutsa pafupi, ine ndili pamwamba pa khoma. Moni palibe. Pofika masana pamalopo panangotsala fumbi lotuwa.

Mabanja anayi atenganso zawo, zabwinobwino, zopsa. Akuti ngati m'khomamo mulibe amake Pililani, iwonso asakhalemo. Gogo uja amene anavina zake zitalira alinso m'gulu lomwelo. Zotsala zikwana, ndawerenga. Ndadzida kuti ndawerenga.

Madzi palibe wotunga. Ndikupita ndekha ku mjigo ndi njinga, zigubu ziwiri. Amayi amandipatukira kuti nditunge msanga ndichoke. A Chester okha ndiwo akubwera kudzakanda simenti. Tsiku lonse mawu awo atatu: njerwa, madzi, tiweruke.

Lachinayi, 12 Seputembala

Masiku asanu ndi anayi osalemba. Zala zotupa, cholembera sichigwirika.

Khoma la kuphiri lafika pa mawindo. Njerwa zosankha imodziimodzi, simenti wokwanira, waya pa mizere inayi iliyonse. Levulo ikuvomera paliponse. Chiyambire ntchito sindinamangepo khoma lowongoka chonchi, ndipo sindikumva kanthu poliyang'ana.

A Bakili, amene amagula nandolo m'mudzi muno, anaima ndi njinga yawo n'kulisisita. "Ili ndiye lidzaona zidzukulu, amisiri. Koma anthu anu ali kuti?" Ndinati ali kokolola nandolo. Anangogwedeza mutu. Nkhani anaimva kale ku msika, ndi ku mzikiti komwe yafika.

A Mavuto akuzungulira m'makomo kunyengerera anthu. Kulikonse akuti iwo anayesetsa, wouma mutu ndi Kalinde. Dzulo anabwera kudzaona ntchito, manja kumbuyo, nati mzere wa pamwamba ukuoneka wopendekera. Ndinawapatsa levulo. Sanailandire.

Ndinapita kawiri kukapepesa kwa amake Pililani. Ulendo woyamba ndinabwerera pa mjigo. Wachiwiri ndinafika. Chitseko chotseka. Njerwa zili pakhonde, zounjika mwadongosolo, zofunditsidwa pepala la pulasitiki.

Lamulungu, 15 Seputembala

Anthu asanu ndi anayi. Ine, a Chester ndi akazi awo, a Mavuto, ndi nkhalamba zisanu zosamva bwino, mwina nkhaniyi sinazifike. Tinalowa mkati mwa makoma koyamba, denga kulibe. Nyimbo yathu sinadzaze ngakhale ngodya imodzi.

Abusa anabwera. Anazungulira khoma, analiyamikira. Anawerenga anthu ndi maso. Ulaliki waufupi, za miyala sanatchule. Potsanzika anandikokera pambali: ku likulu akufunsa ngati n'koyenera kupereka malata onse aja kwa anthu naini. Adzatiyankha.

Pobwerera ndinadzera dala njira ya kumunsi. Pabwalo pa amake Pililani anthu, mwina fote, pa mphasa ndi pa matumba. Opanda mbusa, opanda dikoni. Wotsogolera nyimbo Bernadetta. Zaka 29 ndili naye, sindinadziwe kuti amatha. Ndinaima kuseri kwa nandolo ngati wakuba. Anakhala mothithikana, phewa pa phewa, wamkulu ndi wamng'ono, amake Pililani pakati. Ngati nyumba ija abusa ankanena ilipodi, inali pamenepo, ndipo ine ndinali kunja kwake. Ndinalira, munthu wa zaka 58, m'munda wa eni ake.

Ndikanaziika zija, lero tikanakhala 61 kapena kuposa, pansi pa khoma loti lidzapha. Sindinaziike. Khoma lilipo, mpingo kulibe. Ndatembenuza nkhaniyi mbali zonse, njira yachitatu sindikuiona. Chomwe ndikuona n'chakuti ndikanaugwira mtima Loweruka lija.

Lachitatu, 18 Seputembala

Lintala yatha dzulo, masiku khumi ndi atatu nthawi isanakwane. Palibe amene anabwera kudzaona. Za malata zii.

Lero m'mawa ndikutsuka zida, odi pakhomo. Amake Pililani. Bernadetta anawayalira mphasa n'kulowa m'nyumba. Ndinayamba kupepesa, mawu akutuluka mopingasa. Anakweza dzanja. "Zisiyeni zimenezo, amisiri. Sindinabwerere zimenezo."

Akufuna chiliza. Manda a mwana akadali dothi lokha. Achimwene awo avomera, atumiza simenti, tsiku ndi Loweruka likubwerali. Amisiri ena alipo, koma akufuna ine. Ndi njerwa zomwezo, 298.

Ndinatsegula pakamwa. Kaya ndinkafuna kunena chiyani, mwina za mvula, umisiri suchira. Anandidula. "Ndikudziwa kuti sizinapse. Kumeneko zikagwa zimugwera ndani? Anagona kale."

Ndinavomera.

Ponyamuka anati ndisaiwale tepi, mtumbira unaphwasuka ndi mvula, sukuonekanso poyambira ndi pothera. Ndinati chabwino, mayi.

Tepi ndaiika m'chikwama kuti adzaione. Sindidzaifuna. Amene anamufukula tsiku lija, n'kumunyamula kuchokera pa khoma mpaka pa msewu, ndine. Kutalika kwake kukadali m'manja muno.